Opaleshoni yowongola mphuno ku Blantyre: mmene anandithandizira, ndi nkhani ya magazi yomwe ife akuchigwa tisamaiphonye

Anthu angapo kuno ku Nchalo akhala akundiimitsa kundifunsa za opaleshoni yomwe ndinapangidwa pamphuno, ena akufuna kudziwa ngati nzoona kuti munthu umasiya kuliza mkonono, ena akuopa kuti akawang'amba kumaso nkubwerako ndi chipsera, nde ndati bola ndilembe kamodzi zonse mmene ndinazionera. Chipatala chake ndi chapulayiveti, chili mu Blantyre, dzina ndalisunga chifukwa pansipa pali zina zoti ndidandaule. Koma kunena mwachidule ndinakhutira nawo, ndipo m'bale wanga atandifunsa ndingamuuze kuti pita. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene anaitengera nkhani ya magazi anga, asanandigoneke komanso atamaliza, chifukwa kwa ife akuchigwa kuno nkhani yagona pamenepo.

Vutolo lili chonchi. Pakati pa mabowo awiri a mphuno pali kakhoma, kutsogoloku nkofewa, mkati kumbuyo ndi fupa. Kakapindikira mbali imodzi bowo la mbali imeneyo limapanikizika mpweya nkumavuta kudutsa. Anthu ambiri kakhoma kawo nkopindika pang'ono ndipo sadziwa nkomwe, amenewo safunika opaleshoni. Kanga kanapindika nditagundidwa chigongono pa mpira ndili mnyamata, nde kumanzere kunali kotseka chaka chonse, kugona kukamwa kuli yasa, kudzuka kukhosi kuli gwa mutu ukuwawa, mayi akunyumba kumadandaula mkonono usiku uliwonse. Ikafika nyengo yodula nzimbe akamawotcha minda phulusa lakuda lija likugwa pakhomo ponse, kuphatikiza fumbi ndi dzuwa la October, ndimatuluka magazi m'mphuno pafupipafupi, mwina ndili pa njinga, mwina ndangowerama kumanga nsapato.

Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, aja amati a ENT, ndi ochepa m'Malawi muno ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, nde kaya uli ku Nsanje, ku Bangula, ku Ngabu kapena pa Dyeratu, ulendo wake ndi wokwera mtunda basi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa nkuyamba makhotakhota aja. Ku Queens gawo la ENT liliko ndipo anthu akuthandizidwa, ine ndinapita kupulayiveti chifukwa sikimu ya kuntchito imandilipirira gawo lina.

Tsiku loyamba adokotala anandiunika ndi kachubu kowonda kokhala ndi kamera kumapeto, anayamba andipopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, kenako nkundionetsa pa sikirini kuti abambo onani apa, kumanja njira ili poyera, kumanzereku khoma lachita kutsamira mpaka kukhudza mbali inayo. Zimenezo zinatenga mphindi zochepa. Nthawi yambiri inathera pa mafunso, ndipo mafunso ake onse anali a magazi. Munazulitsapo dzino, magazi anasiya msanga? Mukadzicheka ndi lezala zimatha bwanji? Kumtundu kwanu alipo amene amataya magazi osasiya, kapena amene anatupapo mwendo magazi ataundana? Mowa mumamwa? Likodzo munadwalapo? Malungo munadwala liti komaliza? Mutu ukamawawa mumamwa chani? Ndinawauza kuti bulufeni, wa pa golosale, ngati mmene timachitira tonse, ndiponso kuti ndinali nditangomaliza kumene LA. Anangolemba, nkuti tiyeni tione kaye magazi tisanakambe za tsiku.

Ku labu mtsikana wake anali wa dzanja lofewa, anapeza mtsempha kamodzi, nkudzaza timabotolo tiwiri, kena kachivindikiro kapepo kena kabuluu. Kabuluuko anachita kukayang'anitsitsa kuti magazi afike pa mzere weniweni, akuti mkatimo muli kale mankhwala oyezedwa bwino nde magazi akachepa zotsatira zimanama. Kapepo kaja ndi koyezera kuchuluka kwa magazi, zotsatira zake zinatuluka tsiku lomwelo. Hb, yomwe imaonetsa ngati magazi ndi okwanira m'thupi, inali bwino. Koma ma platelets, timaselo tothandiza kuti magazi asiye kutuluka pabala, anali 98, pomwe munthu wabwinobwino amayenera kukhala pakati pa 150 ndi 400 kapena kupitirirako pang'ono. Adokotala anati abambo, sabata ino sindikuchitani. Ine mtima unawawa, tchuthi ndinali nditapempha kale, mayi akunyumba anali atasiya ana kwa agogo awo, ndinayesa kuwanyengerera kuti inetu ndikumva bwino malungo anatha. Iwo anati 98 si yoti mungagwe nayo mumsewu, koma mphuno ili ndi timitsempha tambirimbiri, opaleshoni yanu si yangozi yoti tithamangire, palibe chifukwa choti ndikuchekeni lero pomwe tikadikira pang'ono magazi abwerera okha m'malo mwake. Apa mpomwe ndinawakhulupirira anthu amenewa, chifukwa ndalama inali itabwera yokha pakhomo pawo ndipo anaibweza.

Anandifotokozera bwinobwino, m'Chichewa, osathamanga. Mtsempha ukang'ambika oyamba kufika ndi ma platelets, timaselo ting'onoting'ono tomwe timamatirira pabalapo, zili ngati mmene timathamangira ndi matumba a mchenga madzi akabowola dayiki, kenako pamabwera zina zomwe zimaluka ulusi womanga matumbawo kuti asakokoloke. Ulusiwo umachokera ku chinthu chotchedwa fibrinogen, ndipo iyo pamodzi ndi zambiri zothandiza kuti magazi aundane zimapangidwa m'chiwindi. Kabotolo kabuluu kaja nkoyezera mbali imeneyi, kuona nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane: PT, yomwe kwa ambiri imakhala masekondi 11 mpaka 13 kapena 14, INR yomwe imayenera kukhala pafupi ndi 1, ndi aPTT yomwe imakhala cha m'ma 25 mpaka 35. Zanga zonsezi zinali bwino, vuto linali ma platelets okha. Nde taonani mmene zikutikhudzira ife. Malungo amatsitsa ma platelets, ndipo kuno malungo sasowa, makamaka madzi akasefukira nkutsala zithaphwi. Likodzo la m'matumbo likakhalitsa limawononga chiwindi nkutupitsa kapamba, kapambayo nkumasunga ma platelets ambiri osawatulutsa, ndipo ndani wa ife sanasambepo kapena kuwedza m'madambo a Shire. Kachasu naye amapha chiwindi chomwecho. Pamwamba pa zonsezo pali bulufeni, diclofenac ndi asipirini zomwe timangomwa ngati maswiti, izi sizichepetsa nambala ya ma platelets koma zimawafooketsa kuti asamate bwino, moti lipoti likhoza kuoneka labwino magazi nkumavutabe kusiya. Asipirini ndiye woopsa kwambiri pa nkhaniyi chifukwa platelet yomwe waikhudza sichira, mpaka thupi lipange ena atsopano, ndipo zimenezo zimatenga masiku 7 mpaka 10. Anandiuza kuti ndisiye zonsezi, mutu ukawawa panado basi. Anawonjezera kuti munthu amene anapatsidwa asipirini kapena warfarin ndi dokotala chifukwa cha mtima kapena sitiroko asangosiya yekha, akambirane kaye ndi amene anamulembera.

Dandaulo langa loyamba lili pomwepa. Mmene ndimaimba foni kubukitsa tsiku, mayi wa pa risepushoni anangondiuza tsiku ndi ola ndi ndalama yoonana ndi dokotala. Ndinawauza kuti ndikuchokera ku Nchalo. Akanangonena mawu awiri okha, kuti ngati mwadwala malungo posachedwa dikirani kaye, ndipo musamwe bulufeni, kapena kuti kayezetseni kaye full blood count, zija za kabotolo kapepo, kufupi ndi kwanu mubwere nayo, ndikanapulumutsa ndalama ya minibasi ya anthu awiri ndi malo ogona. Kwa munthu wa ku Namiwawa kubwezedwa ndi nkhani ya mphindi khumi pagalimoto, kwa ife ndi bajeti ya mwezi. Komanso za kabotolo kabuluu zija sayeza okha, amatumiza ku labu ina, nde tinagona mu Blantyre kudikira pepala limodzi. Ndinafunsa ngati ulendo wina ndingatengetse magaziwo kuno nkubwera nawo, anati ayi, magazi oyezera kuundana amafuna ayezedwe pasanathe maola ochepa ndipo kutentha kwa m'minibasi kungawawononge. Pamenepo ndinamva, ndi zoona. Koma za foni zija akonze ndithu.

Nditabwereranso ma platelets anali atakwera kufika 214, opaleshoni nkuchitika. Anandigoneka tulo, ndinalowa ku fiyeta m'mawa, mayi akunyumba akuti sipanathe maola awiri ndinali nditatuluka. Kunja kwa mphuno sacheka ayi, zonse amapangira mkati kudzera pabowo, amatukula kachikopa kophimba khoma lija, nkuchotsa kapena kuwongola mbali yopindikayo, nkubwezeretsa kachikopako nkusoka ndi ulusi wosungunuka wokha. Nkhope yanga ili mmene inalili, amene mukuopa chipsera chotsani mantha. Chovuta ndi podzuka, chifukwa mabowo onse awiri amakhala atawatseka ndi zothina zoletsa magazi, umapumira pakamwa pokha, misozi ikungotuluka yokha, kumeza malovu makutu kumachita ngati atsekeka. Usiku umenewo sindinagone. Anesi ausiku anali munthu wabwino zedi, amabwera pafupipafupi kusintha kabandeji kapansi pa mphuno, amakayang'ana kaye kuti kanyowa bwanji asanakataye, kundiunika kukhosi ndi tochi kuona ngati magazi sakutsikira kumbuyo, kuyeza BP, nkundinyowetsa milomo ndi thonje. Atandiona ndikuvutika anangoti pirirani achimwene, mawa tichotsa, nkundikwezera bedi kumutu.

Kuchotsako kumawawa, ndisakunamizeni, koma ndi kwa masekondi. Anandipatsa kabeseni kuti ndigwire pansi pa chibwano, nkuti pumirani pakamwa, nkukoka, chinthu chake chachitali kuposa mmene ungaganizire kuti chingakwane m'mphuno. Panatuluka magazi pang'ono, anandigwiritsa mphuno nditaweramira kutsogolo, posakhalitsa anasiya. Mpweya woyamba kudutsa kumanzere ndinaumva kuzizira mpaka m'mutu. Kenako kunatsekanso chifukwa cha kutupa, ndipo anali atandichenjeza kale kuti zitero kwa sabata zingapo.

Pobwerera ku cheki anayezanso magazi, ma platelets anali 260, PT ndi INR osasintha. Msuweni wanga wina amene amakonda kuwerenga za umoyo pa intaneti anali atandiuza kuti ndikapemphe kuyezedwa D-dimer kuti ndidziwe ngati magazi sakuundana m'mitsempha. Nditafunsa adokotala anati abambo musataye ndalama yanu. Akuti thupi likachekedwa paliponse, ngakhale opaleshoni yaing'ono ngati iyi, limadzikonzekeretsa kutseka bala, fibrinogen imakwera kwa masiku angapo, ma platelets nawo amatha kukwera pang'ono, ndipo D-dimer, yomwe ndi zotsalira za magazi oundana akamasungunuka, imakwera ndithu chifukwa m'mphunomo muli bala lomwe likupola. Nde ukayeza nthawi imeneyo ipezeka yokwera, iwe nkuyamba kuda nkhawa ndi chinthu choti ndi mmene thupi limachitira. Anandigwira akatumba a miyendo yonse iwiri, kundifunsa za kupuma, nkuti chomwe muyang'anire ndi mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kapena kubanika mwadzidzidzi ndi kupweteka pachifuwa, zikatero thamangirani kuchipatala chilichonse chapafupi, koma pa opaleshoni ya mphuno sizichitikachitika chifukwa munthu umadzuka nkuyenda tsiku lomwelo. Aka kanali kachiwiri kukana ndalama yanga.

Pali kanthu kena pa lipoti la magazi komwe ndinafunsa chifukwa ndinaona kasintha, kolembedwa MPV. Imeneyi ndi nambala yoonetsa kukula kwa ma platelets, akuluakulu amakhala achangu pomata kuposa ang'onoang'ono. Yanga inali 11.2 poyamba, miyezi itapita nditayezetsanso inali 9.8. Adokotala anati madokotala ena, makamaka ku Turkey ndi ku India, anachitapo kafukufuku pa anthu a mphuno yopindika kwambiri nkupeza kuti MPV yawo imakhala yokwererapo ndipo imatsika akawongoledwa, maganizo ake ndi oti munthu amene mphuno yake ndi yotseka sapuma mokwanira makamaka usiku, mpweya wabwino umachepa m'magazi, thupi nkumapanga ma platelets akuluakulu. Koma anachita kunenetsa kuti ndisatengeke nazo. Akafukufukuwo anali pa anthu ochepa, ena sanapeze kusiyana kwenikweni, MPV imasintha ndi mashini omwe ayezera, imakwera magazi akakhalitsa m'kabotolo asanayezedwe, ndipo malungo omwe aja amaikwezanso, nde kwa ine palibe angalumbire kuti yatsika chifukwa cha mphuno osati chifukwa choti malungo anatha. Ine izi ndinazikonda kwambiri. Akanafuna akanandiuza kuti taonani takukonzerani ndi magazi omwe, mwapulumuka ku sitiroko, ine nkubwera kuno kumalalikira zimenezo anthu nkumakwera mtunda ndi ndalama zawo. Opaleshoni iyi ndi yoti upume bwino, wina akakuuzani kuti ndi mankhwala a magazi kapena a BP mufunseni bwino.

Dandaulo lachiwiri ndi pepala la malangizo lomwe anandipatsa potuluka. Lili m'Chingerezi chokhachokha, ndipo analembera munthu wokhala kumtunda. Akuti khalani m'chipinda chozizira, pewani dzuwa, pewani fumbi ndi utsi. Ku Nchalo? Kuno kukatentha timadutsa madigiri 40, usiku khoma la nyumba limakhala likutulutsabe moto, magetsi akazima fani ndi chokongoletsera. Kutentha kumatanula timitsempha ta m'mphuno nde magazi sachedwa kuyamba, ndipo ndi zomwe zinandichitikira titangotsika phiri, kuchoka mphepo ya ku Blantyre kufika pa Thabwa ngati walowa mu uvuni, minibasi yodzadza mawindo osatseguka bwino, ndinangomva kutentha kukutsika pamlomo. Magaziwo sanali ambiri, ndinaweramira kutsogolo nkufinya mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 mpaka 15 osasiya ngati mmene anesi anandiphunzitsira, mayi wina amene tinakhala naye anandipatsa botolo la madzi oundana lomwe amagulitsa ndinaliika pamphumi, anasiya tisanafike pa Dyeratu. Chonde osagadamitsa mutu ngati mmene ankatiuzira kusukulu, magaziwo umangowameza nkuyamba kusanza. Akanakhala kuti amaganizira komwe wodwala akuchokera akanandiuza kuti ndikhaleko kaye kwa abale ku Blantyre masiku oyambirira, kapena nditsike m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ndipo amene muli ndi mwayi wosankha nthawi, sankhani June kapena July, kuno kumakhala kozizirirako.

Zina za papepalapo ndi zothandiza, ndizinene m'Chichewa poti iwo sanatero. Osamina kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ukafuna kuyetsemula tsegula pakamwa. Osanyamula zolemera, osalima, osapalasa njinga mtunda wautali, osawerama nthawi yaitali. Kugona mutu uli pamwamba. Tiyi ndi phala zizizireko kaye. Kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere kangapo patsiku kuti nkhanambo zifewe, koma akhale madzi owiritsa nkuzizira ndi mchere woyezedwa, kapena ogula ku famase, osati poti mijigo yathu ina imatulutsa kale madzi a mchere nde basi ndi omwewo, ayi. Ndipo chomwe anachitsindika kwambiri, mphuno ikatseka mbali zonse ziwiri mwadzidzidzi, ululu nkumakula m'malo mochepa, thupi nkutentha, mwina magazi aunjikana mkati mwa khoma lija pansi pa kachikopa, zimenezo sizidikira mawa chifukwa zimatha kuwononga kafupa kofewako mphuno nkuphwafuka. Vuto lake kuno thupi likatentha tonse timangoti malungo. Kayezetseni malungowo inde, koma muwauze achipatala kuti mwachitidwa opaleshoni ya mphuno posachedwa akuyang'anenimo, ndipo mukane bulufeni.

Pa ndalama, kotesheni yomwe anandipatsa poyamba inali ya adokotala, fiyeta ndi bedi, koma za labu, za dokotala wogonetsa ndi mankhwala opita nawo kunyumba zinabwera pambali, moti bilu yomaliza inakwera koposa mmene ndinakonzekerera ndipo sikimu sinalipire zonse. Sanandibere, chilichonse chinali pa risiti ndipo nditafunsa anandifotokozera mzere ndi mzere, koma munthu umafuna udziwiretu. Muziwauza akulembereni zonse papepala limodzi musanavomere tsiku, ndipo mufunse kuti mtengowo ukhala mpaka liti poti mitengo masiku ano sikuchedwa kusintha. Chabwino nchoti adokotala anandipatsa nambala ya WhatsApp ya anesi wa ku ENT, ndimatumiza funso kapena chithunzi cha lipoti la magazi nkuyankhidwa tsiku lomwelo, zomwe zinandichepetsera maulendo okwera mtunda.

Pano kumanzere kukupita mpweya, ndimagona pakamwa potseka, mutu wa m'mawa uja unatha, magazi a m'mphuno abwera mwa apo ndi apo nyengo ya fumbi koma osati ngati kale. Mkonono wachepa koma sunatheretu, ndipo adokotala anali atanena kale kuti mkonono uli ndi zoyambitsa zambiri, kunenepa, kukhosi, mowa, nde amene mukufuna opaleshoniyi chifukwa cha mkonono wokha mukhoza kukhumudwa. Chimfine cha fumbi ndi utsi wa nzimbe nachonso sichithera pa opaleshoni, ndimapoperabe mankhwala nyengo yake ikafika. Ngati mbali imodzi ndi yotseka chaka chonse ndipo mankhwala opopera akanika, pitani akakuoneni. Musananyamuke yezetsani malungo ndi full blood count konkuno, lembani papepala mankhwala onse amene mwamwa mwezi umenewo kuphatikizapo a pa golosale ndi azitsamba, ndipo ngati munadwalapo likodzo kapena munauzidwapo kuti kapamba ndi wotupa, nenani ngakhale asanakufunseni.